Phungu Amene Anakhala Pamphasa Yathu

Ndikukumbukira fungo la njereza yaiwisi. Mpaka lero ndikadutsa pamene amisiri akupaka nyumba kuno ku Al Nahda mumzinda wa Dubai, mphuno zimandibweza ku malaini a esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, kumene ndinabadwira azungu akulamulirabe dziko. Malaini anali nyumba za antchito, zondondozana kumunsi kwa fakitale, za zidina zosawotcha, zofolera ndi udzu umene kampani inkati idzasintha chaka chamawa, ndipo inkanena zimenezi chaka chilichonse. Yathu inali yoyamba kuchokera kumsewu. Bambo ankathira mafuta m'makina a fakitale, mayi ankathyola tiyi, ine Fanuwelo ndinali mwana wasukulu pamishoni ya kutsidya kwa mtsinje, wonyadira kwambiri kachizungu kanga kochepa.

Tsiku lina belu la ku ofesi linalira nthawi yosazolowereka. A Jailosi, kalaliki wamkulu, anakwera pa bokosi la tiyi nalengeza kuti kukubwera aphungu awiri a Nyumba ya Malamulo ya ku Mangalande, kudzaona ndi maso awo mmene antchito a kampani akukhalira. M'mawa mwake migolo ya njereza inafika. Anapaka khoma la kutsogolo kwa nyumba iliyonse ndi khoma la mbali yoyang'ana kumsewu, basi. Kumbuyo kunatsala mmene chiswe ndi mvula zinakusiyira. Ife ana tinkathamanga kuzungulira nyumba, kutsogolo tili m'tauni, kumbuyo tili kwathu, mpaka kapitawo anatithamangitsa ndi kamtengo.

Mwini ulamuliro pa esitetiyo anali mzungu amene antchito anamutcha Bwana Chipewa, chifukwa sankavula chipewa ngakhale pamaliro. Iyeyu anasankha nyumba yathu kuti ndiyo alendo adzalowemo. Inali pafupi ndi msewu, bwalo la mayi linali losesedwa nthawi zonse, ndiponso munali mwana wotha kunena mawu olandira alendo m'Chingerezi. Lole inabwera ndi bedi lachitsulo, matiresi, tebulo, mipando iwiri, nyali yagalasi ndi nsalu ya pazenera, ngakhale kuti zenera lathu linali kabowo kolowa mutu wa mphaka. Bambo anawabwereka jekete lakuda lofika m'mawondo. Anatiuza kuti tisagonepo pabedipo, tingadetse matiresi. Choncho masiku amenewo tinkagona pansi monga mwa nthawi zonse, titapanikizana pakona, bedi lili phee pakati pa nyumba ngati mlendo wolemekezeka amene sitikumudziwa chinenero.

Lamulo la a Jailosi linali lalifupi. Mlendo akafunsa chilichonse, yankho ndi lakuti tili bwino, kampani ikutisamala. Anawonjezera, akuyang'ana bambo m'maso, kuti nyumba za m'malaini ndi za kampani, ndipo munthu amakhalamo pokhapokha ali pantchito. Tonse tinamva. Kwathu kwenikweni kunalibe. Agogo anabwera kuchokera kutsidya kwa malire kalekale, munda tinalibe, ndipo phoso la ufa ndi nyemba limene bambo ankalandira Loweruka ndilo linkatisunga. Ntchito ikatha, denga, chakudya ndi sukulu yanga zinkathera limodzi.

Komabe bambo anali ndi kachiyembekezo kobisika. Panali anthu amene ankanong'onezana za bungwe la antchito kuseri kwa fakitale, ndipo mmodzi wa iwo anawauza kuti aphunguwo sali a chipani chimodzi. Wina anali wa chipani cha eni chuma, winayo wa chipani cha anthu apantchito, munthu amene unyamata wake anauthera pansi pa nthaka akukumba malasha. Bambo ankaibwereza nkhaniyi ngati nyimbo. Mzungu wokumba pansi, wodziwa kuti msana umapweteka bwanji. Koma ataiyeza bwino, mantha anapambana. Madzulo oti mawa lake alendowo afika anawauza mayi kuti tingochita zimene tauzidwa, zidutse.

Mayi anapitiriza kusankha nyemba m'lichero. Kenaka anafunsa, osakweza mutu: "Nanga akakhala pansi, abambo ake a Fanuwelo? Ndimuuze malonje abodza?"

"Mzungu sakhala pansi," anatero bambo. "Angosuzumira n'kumapita."

Anzanga amsinkhu wanga mukudziwa chimene mayi ankatanthauza, koma zidzukulu zanga za kuno, zimene moni wawo ndi kachithunzi ka chala pafoni, sizingadziwe. Munthu wodutsa panjira, kapena woima pakhomo, umamuyankha kuti tili bwino, ngakhale m'nyumba muli mtembo. Si bodza, ndi ulemu wa panjira. Koma munthu akalowa, n'kukhala pansi, n'kufunsa za moyo, ameneyo ndi mlendo, ndipo mlendo amalandira malonje athunthu: amene wadwala, amene wamwalira, mmene mvula yagwera, chimene chasowa. Kumubisira n'kumuuza kuti si munthu woyenera kumva za pakhomo pako. Mayi sanapite kusukulu, za Nyumba ya Malamulo sankazidziwa, koma lamulo ili ankalisunga kuposa mmene a Jailosi ankasungira makiyi a ofesi.

Tsikulo kunacha ndi kamvula kowaza, kaja kamatsika m'phiri n'kunyowetsa munthu mosazindikira. Tiyi yense anali kunyezimira. Galimoto ziwiri zinaima kumsewu. Phungu wa chipani cha eni chuma anatsitsa galasi pang'ono, nayang'ana makoma oyera, nagwedeza mutu mokhutira, ndipo nsapato yake sinakhudze dothi la m'malaini. Winayo anatsika. Anali wamfupi, wamapewa otambalala, ndi timizere tabuluu pazikhato, zipsera za malasha zimene ndinadzazimvetsa nditakula. Ndinaima pakhomo n'kunena mawu anga olandira alendo. Iye anavula chipewa asanalowe. Bwana Chipewa analowa nacho chake.

M'nyumba munkanunkha njereza, utsi wakale ndi mafuta a nyali yatsopano. A Jailosi anakoka mpando. Phunguyo anauyang'ana, anayang'ana mayi atagwada pamphasa pafupi ndi khoma, kenaka anapinda mawondo ake movutikira n'kukhala pamphasa pomwepo, thalauza lake labwino lili pa fumbi lathu. Ndinaona bambo akutseka maso. Mlendoyo anandikodola kuti ndikhale pambali pake, nandiuza pang'onopang'ono kuti ndiwafunse mayi mmene moyo ulili kuno.

A Jailosi anayamba kuyankha okha kuti mayiwa akuti ali bwino, mayi asanatsegule n'komwe pakamwa. Phunguyo anakweza dzanja nati mwanayu ndiye amasulire.

Mayi anawomba m'manja mofatsa, monga amachitira munthu poyamba malonje, nayambira patali. Anati tadzuka, tathokoza kuti mlendo wayenda bwino ulendo wautali chotere. Anati mvula chaka chino yagwa yambiri, tiyi waphuka bwino, madengu akudzaza msanga. Mpaka apa Bwana Chipewa ankamwetulira. Kenaka, ndi mawu omwewo osakwera osatsika, anati mvula yomweyo inalowa padenga ili mwezi wonse, ndipo mwana wawo wamng'ono Esinati anagwidwa chibayo atagona pamalo onyowa. Anati anapita naye kukachipatala ka esiteti n'kupeza kotseka, poti wothandiza odwala anali atatumidwa kukathandiza galu wa kunyumba ya bwana. Anati tinamuika kumanda a kuseri kwa bulugamu. Anati tsiku lotsatira maliro anawadula phoso chifukwa sanapite kukathyola. Anatembenukira kwa ine nati, "Uwauze zonse, usasiyeko."

Chizungu changa chinali cha buku la sukulu, cha mphaka wokhala pamkeka ndi mnyamata wopita kumsika. Mawu a chibayo sindinkawadziwa, ndinangoloza pachifuwa n'kutsokomola. Koma mawu a denga, mvula, mwana ndi kufa ndinkawadziwa, ndipo anakwanira. Mayi anamaliza ndi katundu. Anati bedi ili ndi la kampani, tebulo ndi la a Jailosi, mipando sakudziwa eni ake, ndipo mlendo atikhululukire kuti tamulandira ndi zinthu zobwereka, zathu ndi mphasa wakhalirayo ndi miphika ili panja. Anawombanso m'manja. Malonje anathera pamenepo.

Ndinkamva madontho akugwa kuchokera kuudzu kumbuyo kwa nsalu ya pazenera. Khosi la Bwana Chipewa linali litafiira ngati la nkhukundembo. Phunguyo anatembenukira kwa bambo, amene anali ataima pafupi ndi chitseko m'jekete lija, nawafunsa ngati zimenezi zili zoona. Apa ndi pamene panali potulukira. Bambo akanatha kunena kuti mkazi wasokonezeka ndi chisoni, ndipo a Jailosi anali atayamba kale kugwedeza mutu kuwasonyeza njira imeneyo. Bambo anayang'ana mayi. Kenaka anavula jekete, analipinda bwinobwino monga ankapindira nsanza zopukutira makina, naliika pabedi. Anatsala ndi malaya awo antchito, ong'ambika paphewa, akuda ndi mafuta.

"Ndi zoona, bwana," anatero m'Chichewa, ndipo sipanafunike womasulira.

Phunguyo anapukuta m'maso ndi chikhato. Sindikunamizira munthu, misozi inalipo, ndinaiona. Anagwira dzanja la bambo ndi manja awiri nati iyenso anaika mlongo wake ali mwana chifukwa cha nyumba ya kampani, ndipo akakafika kwawo akaimirira m'Nyumba ya Malamulo n'kunena zimene waona. Analonjezanso, Bwana Chipewa akumva, kuti palibe chimene chidzachitikire banja lino chifukwa cholankhula. Ndinamasulira mawu amenewo mokweza, ndi chifuwa chotukumuka.

Mlendo sachoka chimanjamanja. Mayi anatuluka n'kukagwira thadzi lathu lamawangamawanga, limene linali litangoyamba kuikira, analimanga miyendo ndi luzi n'kulipereka atagwada. Munthu wamkulu wa ku Mangalande anayenda mpaka kumsewu atalikumbatira ngati khanda, osadziwa kuti nkhuku imagwiridwa chamutu pansi, ndipo isanafike pagalimoto inamusiyira chizindikiro pamkono wa jekete. Malaini onse anaseka chamumtima. Madzulo amenewo anthu ankabwera mmodzimmodzi kudzagwira mayi chanza, ena akunong'ona kuti mwatiyankhulira, ena akuti mwadziputira.

Lole inabwera dzuwa lisanalowe kudzatenga bedi ndi zonse. Alendowo anakhala masiku angapo kunyumba yaikulu ya pamtunda. Wophika wa kumeneko, a Sumani, anali mnzawo wa bambo, ndipo ndiwo ankatibweretsera nkhani. Anati alendo apita kukasaka nyama, apita kukawedza kumadamu a m'phiri, madzulo akumwa pakhonde onse awiri ndi bwana, akuseka. Anati thadzi lathu analiphika iwo omwe ndi manja awo, ndipo Bwana Chipewa anadya chiganga. Pochoka, m'galimoto munalowa mabokosi a tiyi wabwino uja ife sitinkamulawa, ndi chikopa cha kambuku cha aliyense. Wa malasha uja anayamba wakana, anatero a Sumani, kenaka analandira poopa kukhumudwitsa mwini nyumba.

Mwezi usanathe bambo anaitanidwa ku ofesi. Ine ndine munthu wosunga mapepala, ana anga amadandaula kuti ndinabwera ku Dubai ndi chikwama cha mapepala m'malo mwa zovala, ndipo kapepala kamene bambo anapatsidwa tsikulo ndili nako. Pamzere wolembapo chifukwa chochotsera munthu ntchito palibe chinalembedwa. Tinatuluka m'malaini m'mawa, mayi atasenza miphika ndi mphasa, bambo atanyamula khasu ndi kabokosi, ine nditakoleka nsapato zawo m'khosi. Mayi anapatukira kaye kumanda a kuseri kwa bulugamu. Tinakathera ku Ndirande, m'kachipinda ka msuweni wa bambo, ndipo sukulu ndinaisiya zaka zingapo ndikugulitsa makala. Nditabwererako ndinali wamtali kuposa aphunzitsi.

Bambo anadikira. Akamva kuti kwa wina kuli wailesi ankapita kukakhala pakhonde, kuti mwina amva kuti ku Mangalande kwanenedwa za malaini a ku Thyolo. Ngati munthuyo analankhula, mawu ake sanafike kwa ife, ndipo denga la m'malaini silinasinthe. Patapita zaka a Sumani anatipeza ku Ndirande. Anati mlendo wanu uja anabweranso. Uphungu anali atausiya, tsopano anali mmodzi wa akuluakulu oyendetsa kampani yomweyo, wonenepa, wa ndodo yamutu wasiliva. Anati podutsa m'malaini sanatsike galimoto.

Ndinayembekeza kuti bambo atukwana, kapena awatembenukira mayi. Sanatero. Anangofunsa a Sumani ngati nyumba yoyamba ija akuipakabe njereza. Ndipo pa moyo wawo wonse sindinawamve akuwanena mayi kuti anatitayitsa nyumba. Mayi nawonso sanapepese kwa wina aliyense. Ankati iwo anachita mbali yawo ya mwambo, amene analephera ndi mlendo.

Ndakalamba tsopano. Ndimakhala ndi mwana wanga wamkazi, namwino, m'nyumba yosanja moti anthu pansi amaoneka ngati nyerere, ndipo masana onse ali kuntchito ine ndimatsata nkhani za ku Britain pa wailesi yakanema. Zinthu zasintha. Aphungu a masiku ano savutikanso kupita kumalaini, ndipo chikopa cha kambuku palibe angachilandire poyera. Amalandira masuti, matikiti a mpira, maulendo okapuma kumaiko otentha ngati kuno, ndi ntchito zachiwiri m'makampani amene mawa lake akawapangira malamulo. Akagwidwa amaima pamaso pa atolankhani n'kunena kuti sanaphwanye lamulo lililonse, mphatsoyo anailembetsa m'kaundula. Ngati kuti kulembetsa kumachotsa kukoma kwa chimene wadya. Munthu amene wadya kunyumba ya pamtunda, pakamwa pake pamalemera akafuna kunena za kumunsi, alembetse asalembetse.

Musandimve molakwa. Ine mbali yanga sindinasinthe ndipo sindidzasintha. Ndinagwira ntchito m'mabungwe a antchito mpaka kupuma, ndipo ndikaona ndale za ku Britain ndimaima ndi anamwino akamanyanyala, ndimaima ndi chipatala chaulere chimene anthu apantchito anachimenyera, ndimaima ndi ana a kwathu amene akusambitsa nkhalamba za kumeneko pa malipiro osakwana lendi. Olemera alipire msonkho. Tsiku lina pachipatala cha maso ku Al Rigga ndinakhala pafupi ndi mzungu wina amene ankadandaula kuti anathawa kwawo chifukwa boma limamulanda ndalama zake kukadyetsa alesi. Ndinamufunsa ngati agogo ake ankamwa tiyi, ndipo ngati anafunsapo kuti ankamuthyola ndani. Anasamukira pampando wina.

Koma a chipani cha eni chuma sindiwataira mkwiyo wambiri. Sanatinamizepo, galasi anatsitsa pang'ono n'kulikwezanso. Mkwiyo wanga ndimausungira athu, amene amapempha voti ponena kuti bambo awo anali wam'fakitale, mayi awo anali wochapa, kenaka n'kupezeka avala suti yogulidwa ndi munthu wachuma. Amene wafunsa anthu osauka kuti anene zoona, iwo n'kunena, wasenza katundu amene sangamutule pakhomo la bwana. Pakuti iye akakwera ndege, onenawo amatsala ndi Bwana Chipewa.

Dzana mwana wanga anandipeza ndikukalipira wailesi yakanema, chala chili m'mwamba, pamene phungu wina ankafotokoza za ulendo umene anamulipirira anthu ena. Anavula nsapato zantchito, anapumira m'mwamba nati, "Khalas, basi zakwana, adadi, mukungokweza shuga chabe. Kumeneko mulibe voti, sakudziwani n'komwe."

Ndinamuuza kuti akunena zoona, voti ndilibe. Koma lonjezo la phungu mmodzi wa kumeneko linadyera bambo anga ntchito, mayi anga nyumba yoyandikana ndi manda a mwana wawo, ndipo ine zaka za sukulu zimene sizinabwererenso. Ovota a ku Britain sanalipirepo zochuluka chotero pa mawu a phungu wawo. Choncho ndizilankhula, ndipo ndizilankhula mokweza. Atseke yekha chitseko cha kuchipinda ngati akufuna kugona.